Funso limabadwira m'chilankhulo chiti? Chingerezi, zida ndi gombe la Usisya

Mu 1995 Bernie Dodge, mphunzitsi wa pa San Diego State University ku America, mothandizana ndi Tom March, anakonza njira yophunzitsira imene anaitcha WebQuest. Nzeru yake ndi yosavuta. M'malo mouza ana kuti "kafufuzeni pa intaneti" n'kuwasiya asochere okha, mphunzitsi amawapatsa funso limodzi lolemera, amawasankhiratu masamba angapo oti awerenge, amawaika m'magulu, ndipo pomaliza gulu lililonse limaonetsa chimene lapanga: lipoti, kalata, kasewero, kaya mtsutso. Aphunzitsi a Chingerezi m'maiko ambiri anailandira ndi manja awiri, chifukwa mwana amawerenga Chingerezi chenicheni, cholembedwera anthu osati mayeso, ndipo amachiwerenga ali ndi kanthu kamene akufuna kupezamo.

Kuno kwathu nkhani imeneyi ikangoyamba imathera pa zida. Magetsi kulibe, netiweki imavuta, bandulo ndi yodula, foni ndi ya abambo ndipo apita nayo kunyanja. Zonsezo n'zoona ndithu. Koma pali vuto lina limene lidzatsale ngakhale mwana aliyense atakhala ndi tabuleti yakeyake, ndipo vutolo ndi la chilankhulo. Kuphunzira mofufuza kumayamba ndi funso. Nanga funsolo mwana amalipeza m'chilankhulo chiti, ndipo makinawo amamva chilankhulo chiti? Malo abwino oyesera maganizo amenewa ndi Usisya.

Usisya ili kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, m'dera la mfumu yaikulu M'bwana, pa kachigwa kopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri. Msewu wochokera ku Mzuzu umatsika mokhotakhota, ndipo m'dzinja madalaivala ambiri amaukana. Njira imene anthu akhala akuidalira kuyambira kale ndi yapamadzi: maboti, ndi sitima ya Ilala imene inayamba kuyenda mu 1951. Pakhomo anthu amalankhula Chitonga ndi Chitumbuka, kawirikawiri zosakanikirana, ndipo m'mabuku ondandalika zilankhulo dzina loti Sisya kapena Siska mudzalipeza pansi pa Chitonga. Mwana wa kumeneko akayamba Sitandade 1 amaphunzira kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ndiye kuti Chingerezi kwa iye ndi chilankhulo chachitatu, mwinanso chachinayi.

Wina atha kuganiza kuti dera ngati limeneli Chingerezi chafikako dzana. Ayi ndithu. Gombe la Atonga, kuyambira ku Kande ndi Chintheche mpaka kumpoto kwa Nkhata Bay, ndi amodzi mwa malo amene Chingerezi chinazika mizu msanga m'Malawi. Mishoni ya Livingstonia, ya mpingo wa Free Church of Scotland, inayambira ku Cape Maclear mu 1875, koma malungo atatha anthu ndipo otembenuka mtima atasowa, Dr Robert Laws anasamutsira likulu lake ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, mu 1881. Nthawi imeneyo Atonga ambiri ankakhala mounjikana m'malinga m'mbali mwa nyanja poopa Angoni. Mafumu awo anaona mishoni ngati pobisalira, ndipo sukulu anazilandira mwachangu. John McCracken, m'buku lake la Politics and Christianity in Malawi 1875–1940, amaonetsa mmene ana ankachulukira m'masukulu a m'midzi ya kumeneko zaka za m'ma 1890 zisanathe. Chinthu chimene ambiri amaiwala n'chakuti poyamba amishoniwo ankaphunzitsa m'Chinyanja, chilankhulo chimene anabwera nacho kuchokera kumwera kwa nyanja. Makwerero atatu aja, chapakhomo pansi, Chinyanja pakati, Chingerezi pamwamba, anaimikidwa kalekale, Kamuzu asanalote n'komwe za ndale.

Mu 1894 Laws anatsegula sukulu yapamwamba ku Khondowe, imene inadzatchedwa Overtoun Institution. Kumeneko makalasi apamwamba ankaphunzira m'Chingerezi, ndipo kuwonjezera pa uphunzitsi ndi zaumulungu kunali ukalipentala, kusindikiza mabuku, ukalaliki ndi kutumiza mauthenga a telegalafu. Kampani ya Cecil Rhodes, African Transcontinental Telegraph, inali ikukoka waya wake m'mbali mwa nyanja kulowera ku Karonga m'zaka zomwezo, ndipo inkafuna anyamata odziwa kugogoda makina m'Chingerezi. Pofika 1905 ku Khondowe kunali magetsi opangidwa ndi madzi. Tikamanena kuti netiweki yafika mochedwa kumpoto kwa nyanja tizikumbukira kuti waya woyamba unadutsa gombe limeneli zaka zoposa 120 zapitazo. Koma waya umenewo unkanyamula nkhani za kampani ndi za boma. Mwana wa msodzi ankaloledwa kugogoda, osati kufunsa.

Nanga Atonga Chingerezi ankachifuniranji chonchi? Yankho lake ndi ntchito. Dothi la m'mbali mwa nyanja limabereka chinangwa cha kondowole, osati ndalama za msonkho. Anayamba ndi kampani ya African Lakes, ya Mandala ija, ngati amtengatenga ndi akapitawo, kenako anafalikira ku Halale, ku Joni ndi ku migodi ya kopa. Wodziwa Chingerezi sankalowa pansi pa mgodi. Ankakhala kalaliki, womasulira, wothandiza m'chipatala kapena woperekera zakudya m'hotela. Jaap van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 n'kulemba The Politics of Kinship (1964), anapeza kuti amuna oposa theka ankakhala ali kunja nthawi ina iliyonse. Makalata ankabwera pa sitima, ena n'kumawerengedwa ndi mwana wasukulu pamaso pa banja lonse. Masuti a honala ndi perete wa malipenga ndi ana a ulendo womwewo.

Pa anthu onsewa pali atatu amene mbiri yawo imanena zambiri pa nkhani ya kufufuza. Woyamba ndi Elliot Kamwana. Anachoka ku Khondowe mu 1901, nthawi imene mishoni inayamba kulipiritsa fizi, ndipo mu 1907 anakumana ndi Joseph Booth ku Cape Town n'kuphunzira chiphunzitso cha Watch Tower. Atabwerera kwawo mu 1908 anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa, boma lisanamuthamangitse mu 1909. Chimene chinazunguza amishoni sichinali ubatizo wokha. Mabuku a Charles Taze Russell ankafika pa positi kuchokera ku America, m'Chingerezi, ndipo aphunzitsi ndi akalaliki a m'midzi ankawawerenga okha, kuwayerekeza ndi Baibulo, n'kumabwera ndi mafunso amene m'katekisimu munalibe. Kaya chiphunzitsocho mumagwirizana nacho kaya ayi, zimene ankachitazo lero tikanati kufufuza: funso lawolawo, magwero angapo, kuyerekeza, kenako kutsutsana pagulu.

Wachiwiri ndi Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe. Anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia, anachoka mu 1915, ndipo mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la apantchito la Industrial and Commercial Workers' Union, limene pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Kadalie ankalankhula kwa makamu a Axhosa, Azulu ndi Asotho m'Chingerezi, omasulira ali pambali. Wachitatu ndi m'busa Yesaya Zerenji Mwasi, amene mu 1933 anatuluka mu mpingo wa mishoni n'kulemba zifukwa zake m'Chingerezi cholongosoka, kuwayankha amishoni m'chilankhulo chawo chomwe. Onse atatu Chingerezi anachiphunzira moloweza ngati anzawo onse. Chimene chinachisandutsa chida chinali chakuti anali ndi mlandu wawo woti anene, ndipo mlanduwo unabadwira ku mphala ndi padoko, m'Chitonga.

Apa m'pofunika kuima pang'ono pa mawu oti funso. M'Chitumbuka amati fumbo, m'Chitonga fumbu, ndipo mneni wake ndi kufumba. Makolo ankadziwa kufunika kwake, paja amati safunsa anadya phula. Koma mwambi womwewo umanena za mlendo wofunsa njira, osati mwana wofunsa mkulu kuti "chifukwa chiyani". Ameneyo timati ndi wamwano. Sukulu ya mishoni inawonjezera pamenepo katekisimu, buku limene funso ndi yankho zonse zinasindikizidwa kale, ntchito ya mwana n'kungobweza. Mpaka lero m'kalasi funso ndi katundu wa aphunzitsi, yankho ndi ngongole ya mwana. Aphunzitsi akati "Is it clear?" kalasi yonse imati "Yes!" mokweza, basi phunziro latha. Tikamati tibweretse kuphunzira mofufuza, tikupempha kuti funso lisamuke mpando, ndipo zimenezo n'zovuta kuposa kukoka waya. (Pali kanthu kena koseketsa: m'Chitumbuka ndi m'Chitonga kusambira ndi kuphunzira, pomwe m'Chichewa kusambira n'kuyandama pamadzi. Mwana wa ku Usisya amachita zonse ziwiri, koma chimodzi chokha ndicho amaphunzitsidwa m'chilankhulo chake.)

Dziko litalandira ufulu makwerero aja anangolimbitsidwa. Msonkhano wa Malawi Congress Party wa 1968 unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo za boma, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha makolo awo, koma mabuku ake sanabwere, ndiye m'madera ngati Usisya lamulolo linatsalira pakamwa pa mphunzitsi amene ankamasulira yekha. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chilankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 nduna Lucius Kanyumba inalengeza kuti ziyambira Sitandade 1. Pa zonsezi chinthu chimodzi sichinasunthe: ukalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE satifiketi sulandira, ngakhale masamu utakhoza bwanji.

Zida nazo zakhala zikubwera m'badwo ndi m'badwo, chilichonse ndi lonjezo loti mtunda watha. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, maphunziro akuyenda pa positi ndi pa wailesi, ndipo malo ake ophunzirira ndi amene mu 1998 anasandulika ma CDSS amene ana ambiri akumidzi amapitako lero. Mu 2008 kunabwera Tikwere, maphunziro a pa wailesi ya MBC, ana akuimba ndi kuyankha mawu ochokera m'kawailesi kopukusa. Mu 2013 bungwe la onebillion linayesa matabuleti pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo kafukufuku wa Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anaonetsa kuti ana anapita patsogolo pa masamu. Mu 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti oyendera dzuwa m'masukulu onse apulayimale a boma. Pakati pakepo panagwa Covid-19: sukulu zinatsekedwa pa 23 March 2020, manotsi a sekondale anaikidwa pa intaneti, ndipo amene anapindula ndi amene anali kale ndi foni yamakono pakhomo.

Zida zimenezi sindikuzinyoza. Tabuleti imene imaphunzitsa mwana kulumikiza zilembo pa liwiro lake, m'kalasi ya ana oposa 100, ikugwira ntchito imene mphunzitsi mmodzi sangaithe. Koma tinene zoona, positi, wailesi ndi tabuleti zonse ndi katekisimu wovala malaya atsopano. Funso linakonzedwa ku Blantyre, ku Domasi kapena ku London, yankho lolondola lilipo kale, mwana akungolisaka.

Intaneti ndi yosiyana pa mfundo imodzi yokha. Mukatsegula Google mumapeza kabokosi kopanda kanthu, kakudikira kuti mulembemo. Sikayamba kulankhula. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga makina ake amphepo cha m'ma 2002 pogwiritsa ntchito buku la m'kalaibulale kakang'ono, akudalira kwambiri zithunzi chifukwa Chingerezi chinkamuvuta. Google anadzaiona koyamba mu 2007, atapita ku msonkhano wa TED ku Arusha. Funso linatsogola, Chingerezi chinatsatira, intaneti inabwera pomaliza penipeni. Anthu ena amakonda kutchula Sugata Mitra, amene mu 1999 anaika kompyuta m'khoma ku Kalkaji, ku New Delhi, n'kuona ana akudziphunzitsa okha kuigwiritsa ntchito. Nkhaniyo ndi yokoma, koma kudziwa kudina si kudziwa kufunsa, ndipo Dodge anachita bwino kusamuchotsapo mphunzitsi.

Tsopano tiyeni tione chimene kabokosiko kamamva. Mwana wa ku Usisya akalembamo mawu oti Tonga, choyamba kubwera ndi zilumba za m'nyanja ya Pacific, ufumu umene likulu lake ndi Nuku'alofa. Akawonjezera kuti Africa, abwera Atonga a ku Zambia ndi Zimbabwe, a m'chigwa cha Zambezi, amene chilankhulo chawo n'china. Akatswiri amasiyanitsa zitatuzi ndi zilembo: ton cha ku Pacific, toi cha ku Zambezi, tog cha kwathu kuno. Koma ndi mwana uti wa Fomu 2 amene anauzidwapo zimenezi? Google Translate inalandira Chichewa mu 2014 ndi Chitumbuka mu 2024. Chaka chomwecho inalandiranso Tongan, koma ndi cha ku Pacific chija. Wikipedia ilipo ya Chichewa, ilipo ya Chitumbuka, ya Chitonga cha ku Malawi palibe. Zolembedwa za Chitonga zimene zimapezeka mosavuta pa intaneti zambiri ndi zachipembedzo, ndipo gawo lalikulu ndi mabuku a Mboni za Yehova. Mbiri imadziwa kuseka: Watch Tower imene inalowa pa gombeli m'Chingerezi mu 1908 ndi imene lero yasunga Chitonga chochuluka pa intaneti, ngakhale Kamwana mwini wake anadzapatukana nayo n'kuyambitsa mpingo wake.

Ndiye mwanayo, asanalembe kanthu m'kabokosi, ayenera kuliwolotsa funso lake mitsinje iwiri. Likamafika kutsidya limakhala litasanduka mutu wa m'silabasi, ngati "causes of deforestation", ndipo yankho lake amangokopera.

Komatu pali liwu limodzi la Chitonga limene intaneti imalidziwa bwino kwambiri, mwina kuposa liwu lina lililonse la chilankhulochi. Liwulo ndi mbuna. Ndi dzina limene asodzi a Chitonga amatchula tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. M'zaka za m'ma 1950 ku Nkhata Bay kunali malo ofufuzira za nsomba a Joint Fisheries Research Organisation, ndipo mmodzi mwa akatswiri ake, Geoffrey Fryer, anaphunzira za tinsombati n'kufalitsa zotsatira zake mu 1959. Dzinalo linalowa m'mabuku a sayansi, kenako m'malonda a nsomba zoweta m'magalasi, ndipo lero munthu wa ku Germany, ku Japan kapena ku Texas amatchula mbuna osadziwa kuti akulankhula Chitonga. Si zokhazo. Lembani Usisya m'kabokosi muja. Pambali pa malo ogona alendo, mupeza zithunzi za kansomba kachikasu kotchedwa Aulonocara stuartgranti "Usisya", kamene dzina lake limakumbutsa Stuart Grant, amene ankatumiza nsomba zoterezi kunja kuchokera ku Salima. Kwa anthu ambiri padziko lapansi Usisya si mudzi, ndi mtundu wa nsomba.

Masamba amenewa ali m'Chingerezi chenicheni, chosalembedwera mayeso, chimene Dodge ankafuna chija. Amakamba za kukula kwa thanki, kutentha kwa madzi, chakudya cha m'mabotolo ndi mtengo wake m'madola. Ndipo kamodzi kokha m'moyo wake wa sukulu mwana wa msodzi amapezeka akuwerenga Chingerezi pa nkhani imene iye akuidziwa kuposa wolembayo. Iye miyalayo amaidziwa, anaimirapo. Amadziwa chimene chimachitika mwera ukawomba kuyambira mwezi wa May, amadziwa kusiyanitsa utaka, ncheni ndi kampango zikali mu ukonde. M'maphunziro ena onse Chingerezi chimamupeza ali mbuli. Apa ndiye chamupeza ali katswiri, ndipo munthu amene akudziwa kanthu ndi amene amakhala ndi funso lakuthwa: eti kansomba kamene ife sitikawerengera n'komwe kakugulidwa ndalama zonsezi? Ndani amakagwira, amalipidwa zingati, ndipo chilolezo chimachokera kuti?

Tiyerekeze phunziro lotere m'kalasi ya Fomu 3, foni ili imodzi, ya aphunzitsi. Sabata yoyamba intaneti siikufunika. Ana apita kudoko m'magulu kukafunsa akuluakulu, m'Chitonga kapena m'Chitumbuka, maina a nsomba, nyengo zake, ndi ngati usipa ukupezeka monga kale. Akacheze ndi siginala, munthu uja amene amatsogola ndi bwato la nyali usiku kukaitana usipa kuti ulowe mu chilimira. Dzina lakelo ndi Chingerezi chimene nyanja inameza kalekale, ndipo phunziro la mawu obwereka likhoza kuyambira pomwepo. Sabata yachiwiri aphunzitsi, amene apanga dawunilodi masamba anayi kapena asanu pamene netiweki inagwira, awapatsa ana kuti awerenge: limodzi la oweta nsomba m'magalasi, limodzi la bungwe la FAO, limodzi la nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times lokamba za nyengo yotseka nyanja. Sabata yachitatu gulu lililonse lilembe m'Chingerezi chinthu chimene chili ndi wochilandira weniweni: kalata yopita kwa mkulu woona za usodzi pa boma, kapena ndime yokonza zimene tsamba lina lalakwitsa pa za kwawo. Chingerezi chonse cha m'silabasi chilimo: kulemba mwachidule, kalata ya ku ofesi, kufotokoza zimene wina wanena, kusiyanitsa mfundo ndi maganizo.

Pamene aphunzitsi ambiri angakane ndi pa sabata yoyamba ija, ndiponso pa zokambirana za m'magulu. Ambiri a ife tinakulira m'masukulu amene wolankhula chilankhulo chakwawo ankavekedwa chikwangwani m'khosi kapena kupatsidwa chibalo, ndipo chikhulupiriro choti Chingerezi chimakula chapakhomo chikafa chidakalipo. Umboni suli mbali imeneyo. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams anayerekeza ana a ku Malawi, amene ankayamba sukulu m'Chichewa, ndi a ku Zambia, amene ankayamba m'Chingerezi kuchokera Giredi 1. Anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni, koma pa kuwerenga chilankhulo chakwawo ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Zaka zinayi zowonjezera za Chingerezi sizinawagulire ana a ku Zambia kanthu kooneka. Gulu la ana likaletsedwa kukambirana m'Chitonga silikambirana m'Chingerezi. Limangokhala chete, mmodzi yekha wodziwako n'kulemba, enawo akuyang'ana kunyanja.

Mawu amene timagwiritsa ntchito pa zimenezi akusonyezanso pamene tasokonezera. Timati kusaka pa Google, timatinso kufufuza pa Google, ngati n'chimodzi. Kusaka ndi kwa mlenje: nyama ukuidziwa kale, ukungofuna pamene yabisala. Kufufuza ndi kwa nkhoswe kapena kwa mfumu pa mlandu: umamva uyu, umamva uyo, umayeza amene akunama, ndipo chigamulo n'chako. Zimene ana ambiri amachita akapatsidwa asainimenti n'kusaka, ndipo chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022 ngakhale kusakako kwachepa, nyama ikubwera yosendasenda. Pulogalamu yotere mukaifunsa za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikulemberani ndime zosalala, ndipo mphunzitsi wa ana 80 sangathe kudziwa kuti walemba ndani. Mukaifunsa zimene siginala wa padoko lakuti ananena Lachiwiri lapitali, ilibe pogwira. Funso lozikika pakhomo ndi limene silikopereka, ndipo chimenechi n'chifukwa china, chopanda chikondi cha chilankhulo m'kati, chomayambira kudoko.

Zopinga zake n'zodziwika ndipo sizichoka chifukwa cha nkhani ngati ino. Masukulu ambiri saloleza mafoni, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Mayeso a MANEB amalipira mwana woloweza manotsi, ndiye mphunzitsi amene wathera masabata atatu pa usipa ayenera kuyankha kwa ahedi ndi kwa makolo. Kudoko nako si malo amene mtsikana amangopitako kukafunsa mafunso amuna akuluakulu popanda wina kunenapo kanthu, choncho magulu ena angachite bwino kucheza ndi amayi oyanika ndi kugulitsa usipa, amene amadziwa mitengo ya ku Mzuzu kuposa asodzi eni ake. Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023 ndipo siifuna nsanja paphiri, koma mtengo wake ndi wa bungwe kapena loji, osati wa CDSS yodalira tindalama ta makolo. Malaibulale a m'midzi, monga amene mabungwe a Temwa ku Usisya ndi RIPPLE Africa ku Mwaya anathandiza kukhazikitsa, ndi amene angakhale poyambira, chifukwa kumeneko foni imodzi ndi makina osindikizira amodzi zingatumikire masukulu angapo.

Chitonga sikuti pa intaneti palibe. Chadzaza pa WhatsApp ndi pa Facebook, pakati pa a kumudzi ndi ana awo a ku Johannesburg ndi ku Cape Town, njira yomwe ija ya Kadalie. Koma chambiri chimayenda m'mavoisi, ndipo cholembedwacho aliyense amalemba mmene akumvera, wina vi-, wina vy-, wina kusakaniza ndi Chichewa, ŵ n'kusowa pa kiyibodi. Makina osakira zonsezo sazigwira. Dikishonale ya William Turner ya Chitumbuka, Chitonga ndi Chingerezi inatuluka mu 1952, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, yagwirapo ntchito yokonza kalembedwe ka zilankhulo zathu, Chitonga chili m'gulumo. Mndandanda wa maina a nsomba, mphepo ndi zida za usodzi umene kalasi imodzi ingatolere m'sabata imodzi, Chitonga mbali ino Chingerezi mbali inayo, ungakhale tsamba loyamba la mtundu wake limene mwana wa chaka chamawa angalipeze akalemba liwu la kwawo m'kabokosi muja. Kuti Wikipedia ya chilankhulo chatsopano itsegulidwe pamafunika zinthu ziwiri: chizindikiro chovomerezeka cha chilankhulocho, ndi kagulu ka anthu olemba mosadukiza kwa miyezi ingapo pa malo oyeserera otchedwa Incubator. Chizindikirocho chilipo kale, ndi tog uja. Kagulu ka olembako ndi kamene kakusowa, ndipo a Chitumbuka anayamba ndi anthu owerengeka.